Nkhuni Ndi Mbewu: Kuzilima, Kuziumitsa ndi Kuzigwiritsa Ntchito Mosamala

Pokonzekera nyengo ya ulimi mumawerengera mbewu, feteleza, ganyu ndi matumba osungira zokolola. Ndi alimi ochepa amene amawerengerako nkhuni, chonsecho chimanga chimene mwavutikira miyezi isanu sichingasanduke nsima popanda moto. M'Malawi muno mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo kumudzi nyumba zolumikizidwa ku magetsi a ESCOM n'zowerengeka. Choncho tikamanena za mphamvu zogwiritsa ntchito pakhomo la mlimi, choyamba n'chimene chili pamafuwa. Magetsi, parafini, mabatire ndi mphamvu ya dzuwa zimabwera pambuyo.

Kale nkhuni zinali chinthu chongotola. Lero m'madera ambiri mayi amayenda maola angapo kuti apeze mtolo umodzi, kapena amachita kugula. Nthawi imeneyo ndi yomwe ikanapita kudimba, kukhola kapena kubizinesi. Tsamba lino likufotokoza kumene moto wanu ukutayikira, mmene mungachepetsere kutayikako, ndi mmene mungalimire nkhuni pamalo anu omwewo monga mulimira mbewu ina iliyonse.

Moto wambiri sufika pamphika

Mtengo ukamakula umasunga mphamvu ya dzuwa m'thunthu ndi m'nthambi. Mukausonkha pamoto mphamvu ija imatuluka ngati kutentha. Funso ndi lakuti kutenthako kukupita kuti. Pamafuwa atatu, makamaka panja pamene pali mphepo, gawo lofika mumphika limangokhala ngati limodzi kapena limodzi ndi theka mwa magawo khumi. Kutentha kotsalako kumathawira m'mbali, kumalowa m'nthaka, kwina kumauluka ndi utsi. Ndiye kuti pa nkhuni khumi zimene mwasenza kuchokera kuphiri, zophikadi ndiwo ndi imodzi kapena ziwiri.

Utsi nawo ndi nkhuni zimene sizinapse. Moto wabwino umafuna zinthu zitatu: nkhuni zouma, mpweya wokwanira ndi kutentha kosabalalika. Chimodzi chikasowa, mtengo umangofuka m'malo moyaka, ndipo chimene chikanakhala lawi chimatuluka ngati utsi n'kukadetsa denga. Mwaye umene uli kudenga la khitchini yanu ndi womwenso ukulowa m'chifuwa cha wophika ndi cha mwana amene wabelekedwa kumbuyo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse padziko lapansi, ndipo chibayo cha ana ndi limodzi mwa matenda amene utsiwu umakulitsa.

Yambani ndi kuumitsa

Anthu ambiri akamva za kusunga nkhuni amathamangira nkhani ya mbaula. Ine ndimayamba ndi kuumitsa, chifukwa sikufuna ndalama ndipo phindu lake limaoneka sabata yomweyo.

Mtengo wongodulidwa kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mtolo wa makilogalamu 10 wa nkhuni zaziwisi ukhoza kukhala ndi madzi okwana malita anayi kapena asanu. Moto uyenera kuyamba wawiritsa madzi amenewa ndi kuwatulutsa ngati nthunzi usanayambe kutenthetsa mphika wanu. N'chifukwa chake nkhuni zaziwisi zimalira, zimatuluka thovu kumapeto, zimafuka, ndipo wophika amangokhalira kuuzira moto maso ali misozi. Nkhuni zouma bwino zimatsala ndi madzi osaposa gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo zimayaka ndi lawi loyera.

Dulani ndi kuwaza nkhuni m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene dzuwa ndi mphepo zikugwirirani ntchito ulele. Chipika chosawaza chimauma kunja kokha, m'kati muli chinyezi. Zikawazidwa zisanjeni pathandala kapena pamiyala kuti zisakhudze dothi, apo ayi chiswe chidya gawo lake ndipo chinyezi cha pansi chibwereranso. Siyani mipata kuti mphepo izidutsa, ndipo pamwamba ikani denga la udzu kapena lata lakale. Musakulunge mulu wonse ndi pulasitiki, chifukwa nkhunizo zimachita thukuta n'kuyamba nkhungu. Nkhuni zouma mudzazidziwa ndi ming'alu kumapeto, kupepuka, ndi kulira kwake mukazigundanitsa.

Banja limene lasanja nkhuni za miyezi ya Januwale ndi Febuluwale lisanafike dzinja lapulumutsa nthawi ya kupalira ndi kubandira. Miyezi imeneyo ndi yomwe ntchito ya kumunda imachuluka, chakudya chimachepa, ndipo nkhuni zonse kutchire zimakhala zonyowa. Nkhokwe ya nkhuni ndi yofunika ngati nkhokwe ya chimanga, kungoti sitinaizolowere.

Mbaula zosunga nkhuni

Ntchito ya mbaula yabwino ndi kutsekera moto m'kati kuti kutentha kukwere kumphika m'malo mobalalika. Yodziwika kwambiri kuno ndi Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dongo n'kuwotchedwa mu uvuni, imene magulu ambiri a amayi amaumba ndi kugulitsa. Boma linadziikira cholinga choti mbaula zamakono 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pofika 2020, n'chifukwa chake mbaulazi zafala m'maboma ambiri. Ikagwiritsidwa ntchito moyenera imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni poyerekeza ndi mafuwa. Ngati munkatha mitolo itatu pasabata, mudzatha iwiri. Palinso mbaula zomangira pansi m'khitchini ndi zidina ndi matope, monga Changu Changu Moto imene inafala kwambiri ku Nkhata Bay. Zimenezi zili ndi malo a miphika iwiri ndipo mukhoza kuzimanga ndi kuzimata nokha.

Mawu akuti "moyenera" ndi ofunika apa. M'makomo ambiri mbaula ilipo koma nkhuni sizikupulumuka, chifukwa ikusonkhedwa ngati mafuwa. Mbaulazi zimafuna tinkhuni ting'onoting'ono tiwiri kapena titatu, tonenepa ngati chala chachikulu kapena kuposerako pang'ono, tokankhidwa pang'onopang'ono pamene tikupsa. Mukadzaza khomo lonse ndi zipika mpweya umasowa polowera ndipo utsi umabwereranso. Chotsani phulusa musanakoleze. Mphika ukhale pa timitu ta pamwamba kuti lawi lipeze potulukira n'kunyambita m'mbali mwake. Mphika waung'ono kwambiri umasiya moto kuthawa, ndipo wophimbiratu pakamwa ponse umazimitsa moto.

Mbaula ya dongo imadana ndi madzi. Musaisiye pamvula, ndipo musazimitse moto pothira madzi ili yotentha, imang'aluka. Pogula igogodeni ndi chala: yopsa bwino imalira ngati belu, yosapsa kapena yosweka m'kati imangoti phu. Ting'alu ting'onoting'ono tikaoneka musaitaye, imagwirabe ntchito.

Kunena zoona, mbaulazi zimachepetsa nkhuni kwambiri kuposa mmene zimachepetsera utsi. Musaganize kuti mukagula mbaula mwathana ndi chifuwa. Khitchini ikhale ndi zenera kapena mpata pakati pa khoma ndi denga, ndipo nyengo ikalola phikirani pakhonde potetezeka ku mphepo. Mwezi wa Juni ukazizira, musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka komanso sununkha, ndipo munthu amangogona osadzukanso.

Kaphikidwe

Nyemba ndi zimene zimatha nkhuni m'makomo ambiri. Zivikeni m'madzi usiku wonse, mawa lake zidzapsa msanga kwambiri. Chimodzimodzi nandolo wouma, khobwe, nzama ndi chimanga cha chingowe. Vindikirani mphika nthawi zonse. Madzi akawira chepetsani moto, chifukwa madzi owira sawonjezeranso kutentha ngakhale musonkhezere chotani. Obwadamuka mwamphamvu ndi ongowira pang'ono amapsetsa mofanana. Konzeranitu zonse musanakoleze: masamba osadzula kale, tomato wodula, ufa uli pafupi. Moto woyaka podikira munthu amene wapita kukatunga madzi ndi nkhuni zotayika.

Njira ina imene anthu sakhulupirira mpaka ataiona ndi dengu lophikira popanda moto. Tengani dengu lalikulu kapena katoni, yalani m'kati udzu wouma, masamba ouma a nthochi, thonje kapena nsanza zochapa, mosiya dzenje lokwana mphika. Wiritsani mpunga mphindi zisanu, kapena nyemba zoviika mphindi 20 mpaka 30, kenaka ikani mphikawo wovindikira bwino m'dzenje muja n'kuphimba pamwamba ndi pilo kapena bulangete. Kutentha kumene kuli mumphika kumapitiriza kuphika. Mpunga umapsa pasanathe ola, nyemba zimafuna maola atatu kapena anayi. Mukhoza kuika m'mawa popita kumunda n'kupeza ndiwo zapsa masana. Musatsegule kuti muone, ndipo chakudya chikakhalitsa mpaka kufunda chiwiritseninso musanadye.

Makala

Pa uvuni wa dothi umene owotcha makala ambiri amagwiritsa ntchito, pamafunika makilogalamu 7 mpaka 10 a mitengo kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala. Mphamvu yoposa theka imene inali m'mitengoyo imathera mu utsi kutchire komweko. Thumba limodzi la makilogalamu 50 ladya mitengo yolemera makilogalamu 350 kapena kuposa, ndipo kawirikawiri ndi mitengo yachilengedwe monga tsamba, mombo ndi muwanga imene imatenga zaka makumi kuti ikule. Kwa banja la kumudzi limene lingathe kupeza nkhuni, kuphikira makala ndi kuwononga mitengo yambiri pa nsima yomweyo.

Makala ambiri amapita m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndipo tikudziwa kuti amene amawotcha sachita dala. Ndi njala, fizi ndi feteleza. Komabe lamulo la nkhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, limati wowotcha makala ogulitsa akhale ndi chilolezo cha nthambi ya zankhalango, ndipo mitengo ichokere m'nkhalango yosamalidwa moyenera. Amene ali ndi nkhalango yodzala okha, kapena gulu limene ladzala mitengo kapena nsungwi zambiri, akhoza kukafunsa za chilolezochi ku ofesi ya zankhalango ya boma lawo.

Mtengo wa m'munda mwanu ndi magetsi a dziko

Mwina mukuona ngati nkhani ya magetsi ndi ya anthu a m'tauni. Koma magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi madzi a mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pamene kampani ya EGENCO ili ndi makina ake. Makina oyamba a pa Nkula anayamba kugwira ntchito mu 1966. Madzi akamatsika pamathithi amazunguza makinawo n'kupanga magetsi. Mapiri a m'mbali mwa Shire ndi mitsinje yothira m'menemo akameteka, mvula imakokolola dothi n'kukalitaya m'madamu a makinawo. Damu lodzaza matope limasunga madzi ochepa, mchenga umadya zitsulo za makina, ndipo chonde chokokoloka m'minda chimanenepetsa namasupuni ndi udzu wina umene umatseka polowera madzi. Mu Januwale 2022 madzi osefukira a namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, kufupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake, kwa nthawi yoposa chaka.

Magetsi akamathimathima, a m'tauni amene akanaphikira magetsi amagula makala, mtengo wa makala umakwera, ndipo nkhwangwa zimalowanso m'phiri. Inu mumazimvera kuchigayo, pamene mwadikira tsiku lonse kapena mwalipira mtengo wa chigayo cha dizilo. Dothi lija latseka damu ndi lomwe lachoka m'munda mwanu pamodzi ndi feteleza amene munagula. Malo opangira magetsi a dzuwa ku Salima, a mamegawati 60, ndi ku Golomoti m'boma la Dedza, a mamegawati 20, athandizako, koma Shire akadali msana wa magetsi athu.

Kulima nkhuni

Njira yachangu ndi yotchipa kuposa zonse si kudzala, koma kusamalira zitsa zimene zili kale m'munda ndi m'malire. Chitsa cha mtengo wachilengedwe chili ndi mizu yakuya yokhazikika, choncho mphukira zake zimakula msanga kuposa mbande ya mu chubu ndipo sizifa ndi ng'amba. Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, dulani zotsalazo, ndipo chaka ndi chaka sadzani nthambi za m'munsi. Podula gwiritsani chikwanje chakuthwa, mudule mokweza kuchokera pansi kuti khungwa lisasendeke. Nthambi zosadzazo ndiye nkhuni zanu zoyamba. Chachikulu ndi kuteteza ku moto wolusa ndi mbuzi. Ngati mudzi sunagwirizane za moto wosakira mbewa ndi za ziweto zongoyendayenda m'chilimwe, khama la munthu mmodzi limapita pachabe, choncho nkhaniyi ipite kwa amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi.

Yachiwiri ndi nandolo. Alimi a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, kumene malo ndi ochepa, akhala akuphikira mitengo ya nandolo kuyambira kale. Mbewu imodzi imakupatsani ndiwo, ndalama, chonde cha masamba oyoyoka ndi nkhuni zowonda zimene zimakwana bwino pakhomo la Chitetezo Mbaula. Gliricidia wodzala m'mizere m'munda wa chimanga amachitanso chimodzimodzi: masamba mumakwirira ngati manyowa, timitengo mumaumitsa, ndipo akadulidwa amaphukanso. Msangu ndi wosachedwa kuuyamikira chifukwa umayoyola masamba m'dzinja ndipo suphimba chimanga, koma umakula pang'onopang'ono. Dzalani chifukwa cha nthaka, nkhuni zake zidzabwera patsogolo.

Amene ali ndi kamalo kosalimika, kamiyala kapena kotsetsereka, adzale nkhalango ya banja. Pa mpata wa mamita awiri mbali zonse, kota ya ekala imalowa mitengo pafupifupi 250. Keshya ndi wabwino chifukwa chiswe sichimuvutitsa kwambiri, mbuzi sizimukonda, ndipo amaphukira akadulidwa. Mthethe ndi mtangatanga nayonso imapereka nkhuni zabwino. Bulugamu amakula msanga koma amamwa madzi ambiri ndipo mbewu zoyandikana naye sizichita bwino, choncho asayandikire dimba, chitsime, mtsinje kapena munda wa mnzanu, pokhapokha ngati mukufuna milandu. Nsungwi zimatenga zaka zingapo kuti zikhazikike, koma zikatero mumadula zokhwima chaka chilichonse phata lili pomwepo.

Gawani nkhalangoyo m'zigawo zinayi kapena zisanu, muzidula chigawo chimodzi pachaka. Pomwe mukufika chomaliza, choyamba chaphukanso. Dulani chapansi, mopendeketsa kuti madzi a mvula asakhazikike pachitsa n'kuchiwoletsa.

Nyengo yodzala mitengo ya dziko lino imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma musadikire kumapeto. Mbande yodzalidwa mu Disembala kapena Januwale imakhala ndi miyezi itatu ya mvula yoti izike mizu, pamene ya mu Malichi imakumana ndi chilimwe ikadali yanthete. Mitengo yambiri imene imadzalidwa pa miyambo ya chaka ndi chaka imafa chifukwa chodzala mochedwa ndi kusapalira. Mtengo waung'ono umafuna kupalira ngati chimanga, ndiponso kulambula mozungulira nkhalango udzu usanaume.

Mapesi, zitsononkho ndi ndowe

Nkhuni zikasowa anthu amatembenukira ku zotsalira za m'munda. Zitsononkho, makoko a mtedza ndi mankhusu a mpunga mukhoza kusonkha popanda kudandaula kwambiri. Mapesi ndi nkhani ina. Amayaka ngati pepala, sapereka makala, ndipo ntchito yake yeniyeni ili m'munda: kuphimbira nthaka, kusunga chinyezi, kudyetsa ziweto ndi kupanga kompositi. Mukaphikira mapesi ndi ndowe zouma mwaphika lero ndi chonde cha chaka chamawa, ndipo mudzachilipira pogula feteleza. Phulusa la pamoto musataye kudzala. Lotsala pa chidulo liwazeni pang'onopang'ono pa mulu wa kompositi.

Ndowe zili ndi njira ina yoperekera moto popanda kutaya manyowa, ndiyo gasi wa ndowe. Ndowe zosakaniza ndi madzi zimawolera m'thanki yotseka n'kutulutsa gasi woyaka ndi lawi la buluu lopanda utsi, ndipo phala lotuluka kumapeto ndi manyowa abwino kwambiri a kudimba. Koma njirayi si ya aliyense. Imayenera mlimi wa ng'ombe zamkaka ziwiri kapena zitatu zokhala m'khola tsiku lonse, kapena wa nkhumba zambiri, amene ali ndi madzi pafupi chaka chonse ndi munthu wothira ndowe tsiku lililonse. Ng'ombe zimene zimakadya kudambo zimasiya ndowe zake komweko. Ndalama zomangira n'zambiri, ndipo thanki yomangidwa ndi mmisiri wosaphunzira ntchitoyi imadontha gasi n'kusanduka dzenje lopanda ntchito.

Pa kuunikira ndi kutchaja foni, nyali ya dzuwa imabweza ndalama zake mukawerengera zimene mumataya pa mabatire ndi makandulo. Pukutani fumbi pa solayo, iyang'ane kumpoto pamalo opanda mthunzi, ndipo batire musamalimalize mpaka kuthimiratu. Koma kasola ka nyali sikangaphike nsima. Kuphika kumafuna mphamvu yochuluka kutali.

Alimi a fodya wa kampopi ndi wa chikopa, komanso owotcha njerwa, amatha nkhuni zambiri pa nyengo imodzi kuposa zimene khitchini ingathe pa zaka zingapo. Ngati muli m'gulu limeneli nkhalango yanuyanu si nkhani yosankha, ndipo mabani amakono otchedwa rocket barn amachepetsa nkhuni zowotchera fodya wa kampopi pafupifupi ndi theka. Alangizi a fodya a m'dera lanu angakuonetseni kamangidwe kake.

Kuti mudziwe kukula kwa nkhalango imene banja lanu likufuna, yezani. Kwa sabata imodzi werengani mitolo imene yapsa, ndipo ngati pali sikelo ya zokolola yezani kulemera kwake. Bwerezani sabata yotsatira ndi nkhuni zouma, mbaula ndi chivindikiro, muone kusiyana kwake. Chulukitsani nambala yachiwiriyo ndi masabata 52, ndipo mupite nayo kwa mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango kuti muwerengere limodzi mitengo yofunika ndi mtundu woyenera dothi lanu. Mbewu za mitengo zimafesedwa ku nazale mu Ogasiti ndi Seputembala kuti mbande zikhale zokonzeka mvula yodzalira ikagwa, choncho machubu, dothi losakaniza ndi manyowa ndi malo a nazale pafupi ndi madzi zikhale zitapezeka pofika mwezi wa Julayi.